Alangizi a Zaumoyo ndi Mtengo wa Maphunziro Awo

Mwa antchito onse amene boma la Malawi limawalipira pakutha pa mwezi, palibe amene munthu wa kumudzi amamudziwa nkhope ndi dzina lomwe koposa mlangizi wa zaumoyo, uja wovala yunifolomu ya mtundu wa thambo, amene amatulukira pa njinga yakapalasa atamangirira sikelo ndi bokosi la katemera kumbuyo, ndipo amayi amamulonjera kuti adokotala, chinkana sukulu ya udokotala sanaipondeko. Ulemu umenewu sanauchite kupempha: anthu oposa 80 mwa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumidzi, ndipo kwa ambiri a iwo, makamaka m'dzinja mitsinje ikadzaza, chipatala ndiye munthu ameneyu basi.

Ntchito iyi inabadwa m'masiku a miliri. M'zaka za m'ma 1960 boma linalemba anthu aganyu oti azitemera nthomba, ndipo kolera atabuka mu 1973 linalembanso ena oti athandize kumugonjetsa. Koma popeza matenda samatha onse tsiku limodzi, antchito amene anawalemba kuti akhale kanthawi anakhalitsa, udindo wawo nukulirakulira, kufikira mu 1995 pamene anasanduka antchito okhazikika a Unduna wa Zaumoyo. Chiwerengero chawo chinadzakwera kwambiri cha m'ma 2007 ndi 2008, pamene ndalama za thumba la Global Fund zinalola boma kuwachulukitsa kawiri, kuchoka pa 5,000 kapena chapomwepo mpaka kupitirira 10,000, ndi cholinga chakuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, cholinga chimene m'madera ambiri sichinafikiridwebe.

Amene afuna kudziwa kulemera kwa ntchitoyi akakhale tsiku limodzi pa chipatala cha m'mudzi, chimene kuyambira mu 2008 alangizi amatsegula m'madera ovuta kufikako kuti azichiza ana osapitirira zaka 5. Nthawi zina ndi kanyumba kamene mudzi unaumba njerwa zake, nthawi zina ndi khonde la mlangizi mwiniyo. Mayi akamasula mwana kumsana, thupi lili moto, mlangizi amabaya kachala kuti ayeze malungo, ndipo akawapeza amapereka mankhwala a LA. Mwana akamatsokomola, amamuvundukula pachifuwa nawerenga mpweya kwa mphindi yathunthu, podziwa kuti khanda la miyezi 2 mpaka 12 likapuma maulendo 50 kapena kuposerapo, ndiponso mwana wamkulupo akafika pa 40, chimenecho ndi chibayo. Wotsegula m'mimba amamupatsa Thanzi ndi zinki. Wowonda amamuyeza mkono ndi kalamba ka mitundu itatu. Koma nzeru yoposa zonsezi, imene munthu sabadwa nayo ndipo sangaitole m'njira, ndiyo kuzindikira mwana amene sayenera kumugwiragwira konse, wokomoka, wosanza chilichonse, wokana bere, ndi kulemba kalata yomutumiza ku chipatala chachikulu dzuwa lisanapendeke. Pamwamba pa izi pali sikelo ya mwezi ndi mwezi, katemera, jekeseni wolera, kuthira kolorini m'zitsime, kuyendera zimbudzi, kulondola odwala chifuwa chachikulu ndi amene asiya kumwa ma ARV, ndi mabuku a kaundula osatha kulemba. Mu 1992 ana 234 mwa 1,000 alionse obadwa amoyo ankamwalira asanakwanitse zaka 5. Pofika 2015 ndi 2016 anali 63. Manja ambiri anagwirapo ntchito imeneyi, koma a alangizi ndiwo anafika kutali koposa.

Tsono katundu yense uyu anasenzetsedwa munthu amene kwa zaka zambiri maphunziro ake oyamba anali a masabata owerengeka, poyamba 6, pambuyo pake 8, 10, kenaka 12, m'malo ophunzitsira a ku Mponela, Mwanza ndi Mzimba kapena m'maboma momwemo. Ndipo pa nthawi ija ya kulemba anthu ambiri, ena anayamba ntchito asanaphunzitsidwe n'komwe, nadikira nthawi yaitali kuti ndalama zipezeke. Akulu anati mmera mpoyamba. Chodandaulitsa n'chakuti ndalama za maphunziro zimene zimabwera ndi mabungwe othandiza kawirikawiri sizilunjika pa maziko amenewa, koma zimadza m'zidutswazidutswa, bungwe lililonse ndi nthenda yake, boma lake ndi zaka zake: ili liitana alangizi masiku angapo pa za malungo, linalo pa za kulera, linanso pa za kunyentchera, kotero kuti wa m'boma lokondedwa ndi mabungwe aphunzira chinthu chimodzi kawiri, pamene mnzake wa kutsidya la mtsinje sanaitanidwepo chiyambire. Ndipo sindingam'dzudzule mlangizi amene amayembekezera maphunziro otere chifukwa cha alawansi, pakuti malipiro ake ndi apansi, ana ake amafuna fizi monga ana a wina aliyense, ndipo njinga ikathyoka amakonzetsa ndi za m'thumba mwake. Komabe tsiku lililonse limene iye ali ku msonkhano, chitseko cha chipatala cha m'mudzi chimakhala chotseka.

Tiyenera kuthokoza abwenzi akunja, pakuti popanda iwo ana ambiri amene lero ali pa sukulu akanakhala kumanda. Komatu chaka cha 2025, pamene boma la America linadula mwadzidzidzi gawo lalikulu la thandizo lake, chinatikumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mayiko a mu Africa analonjezana ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, ndipo ife lonjezo limenelo takhala tikuliperewera zaka zambiri. Chikhalirecho kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700, anaonetsa poyera kuti mliri umagwidwa kapena kuphonyedwa kumudzi, pa chitsime ndi pa khomo, kumene mlangizi yekha ndiye afika.

Chifukwa chake ndikupempha aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi makhansala athu kuti, pokambirana bajeti, afunse mwachindunji kuti ndi ndalama zingati za boma lenilenilo zaikidwa padera kuti mlangizi aliyense aphunzire mokwanira asanapatsidwe dera, kuti azibwerezedwa maphunziro pa nthawi yoikika posayang'ana boma limene ali, kuti womuyang'anira akhale ndi mafuta omuyendera, ndiponso kuti wakhama apeze khomo lokwerera ku unamwino kapena ntchito zina zachipatala. Mabungwe nawo aponye thandizo lawo m'thumba limodzi lomwelo, ndipo mafumu ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi, amene aumba kale njerwa za zipatala zambiri, asachite manyazi kufunsa phungu wawo yankho lake pa msonkhano wa poyera.