Tizilombo Tingakhale ndi Moyo ku Mars?

Mars ndi pulaneti lozizira koopsa. Nthawi zambiri kumafika madigiri 60 kunsi kwa ziro. Mpweya wake ndi wochepa, sufika gawo limodzi pa magawo 100 a mpweya wa kuno, ndipo pafupifupi 95 peresenti ndi carbon dioxide. Kulibenso chotchinga kuwala kwa dzuwa kotchedwa UV, komwe kumapha tizilombo tosaoneka ndi maso.

Palibe munthu amene anapitako, choncho asayansi amapanga Mars yaing'ono mu labotale. Amatenga thanki yachitsulo yotsekeka bwino, n'kupopa mpweya wonse, kulowetsamo carbon dioxide pang'ono, kuiziziritsa ndi kuyatsa nyale za UV. Kenako amaikamo zamoyo n'kudikira.

Mu 2012, bungwe la DLR ku Berlin linaika ndere zomera pa miyala ya ku Antarctica m'thanki yotere kwa masiku 34. Ndere zomwe zinali m'ming'alu ya miyala zinapitiriza kudzipangira chakudya. Mu 2013, Andrew Schuerger ndi anzake a ku University of Florida analengeza kuti pa mabakiteriya 26 omwe anawayesa pa kuzizira kwa madigiri 0 ndi mpweya wochepa chonchi, amodzi okha, Serratia liquefaciens, ndiwo anaswana. Kafukufuku wina anaonetsa kuti UV yonga ya ku Mars imapha mabakiteriya ali pamtetete m'mphindi zochepa, koma kafumbi kakangowakuta amapulumuka.

N'chifukwa chiyani akuvutika chonchi? Chombo chochoka kuno chikhoza kunyamula tizilombo tathu. Tikakapezeka kumeneko, tingadzanamizidwe kuti tapeza zamoyo za ku Mars, chikhalirecho ndi alendo ochokera kwathu konkuno. Pangano la mayiko la 1967 limati tisaipitse mapulaneti ena, ndipo zombo za Viking zomwe zinatera ku Mars mu 1976 zinayamba zawotchedwa mu uvuni zisananyamuke.

Phunziro la kafumbi lija likutikhudza ife a ku Manje. Tikukumbukira kolera yomwe inabuka mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, komanso matope a namondwe Freddy ochokera m'phiri la Soche mu Marichi 2023. UV yomweyo ingatithandize kuyeretsa madzi akumwa: tithire madzi m'botolo lapulasitiki loonekera mkati, tiligoneke pa denga lamalata kwa maola 6 dzuwa likuswa mtengo, kapena masiku awiri kukachita mitambo. Koma madzi akakhala amatope, dothi limabisa tizilombo monga fumbi la ku Mars lija. Tiyambe tawasefa mpaka ayere. Ngati sakuyera, tiwawiritse.

Makolo athu olemekezeka ndi akuluakulu a komiti, ana akabwera kudzapempha mabotolo akale, apatseni. Ana inu a Biology, kafotokozereni abale anu kunyumba chifukwa chake madzi amatope sayeretsedwa ndi dzuwa.