ZA KUOPA DOTOLO NDI CHIPATALA

Abale athu a m'midzi ya ku Neno, mwezi uno tifuna kucheza nanu za mantha a kuchipatala, pakuti tawaona m'nyumba zambiri, ndi m'nyumba zathu zomwe. Munthu wadwala masabata awiri, nsima ikumkanika, koma mukangotchula za dotolo ayankha msanga kuti, "Lero ndapezako bwino, tiyambe taona mawa." Mawa lija mvula yagwa, mkuja kuli maliro kutsidya, ndipo pofika tsiku limene abale amanga machira kuti amnyamule, nthenda yakula kale, mwini sathanso kudzuka yekha pamphasa.

Sitiwaseka anthu otere, pakuti mantha awo ali ndi pochokera. Akulu akumbukira kuti kufikira chaka cha 2003 dziko la Neno linali pansi pa boma la Mwanza, ndipo chipatala chachikulu chinali kutali, njira yake ya mapiri ndi mitsinje. Ulendo wotere munthu sanali kuuyamba chifukwa cha mutu kapena chifuwa chabe. Anali kudikira kufikira zitathina, nanyamula wodwala ali pafupi kutsirizika. Ambiri anafera m'njira, ena anafa atangofika. Tsono mbiri inamveka m'midzi kuti kuchipatala n'kofera, ngakhale chimene chinawapha chinali kuchedwa. Lero zinthu zasintha: chipatala chachikulu chili pa boma la Neno, china chili ku Lisungwi, ndipo zazing'ono zili ku Dambe, ku Magaleta, ku Ligowe, ku Chifunga, ku Zalewa, ku Neno Parish ndi kwina. Koma mbiri yakale ija ikali m'mitima, ndipo ana aiyamwa kwa amayi awo.

Chinthu chachiwiri chimene anthu aopa ndicho kutengedwa magazi. Ena afunsa kuti, "Magazi anga apita nawo kuti?" M'chaka cha 2017 inabuka mphekesera ya anamapopa ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo ndi madera ena, ndipo anthu osalakwa anaphedwa chifukwa cha iyo, antchito a zaumoyo anayenda ndi mantha m'midzi imene anafuna kuithandiza. Tamverani tsono. M'thupi la munthu wamkulu muli magazi okwana ngati malita 5. Poyesa malungo namwino atenga kadontho kamodzi ka pachala, ndipo yankho lituluka pasanathe mphindi 20. Poyesa nthenda zina atenga a m'kabotolo kakang'ono, onga odzaza sipuni ya tiyi, ndipo thupi liwabwezera lokha osamva kanthu mwini wake. Amene anadzitema ndi chikwakwa pomweta udzu anataya ochuluka koposa amenewo.

Ndipo ife a ku Neno tili ndi chifukwa chathuchathu chothokozera kuyesa magazi. M'chaka cha 2009 inagwa nthenda yodabwitsa m'midzi ya m'malire a dziko lathu ndi Mozambique. Anthu anatentha thupi, ena anayenda dzandidzandi, ena lilime linawalemera. Anadwala anthu oposa 300, ndipo 11 anamwalira. Poyamba panalibe wodziwa dzina la nthendayo, ndipo m'midzi munayankhulidwa zambiri, monga mudziwa mmene tiyankhulira zikatere. Pamene akatswiri anayesa magazi a odwala, anapeza kuti ndi taifodi, nthenda yobwera ndi madzi ndi chakudya zodetsedwa. Anapezanso kuti tizilombo take tinali titapima, tosamvanso mankhwala ena amene anali kugwiritsidwa ntchito kawirikawiri. Akadakana onse kutambasula mkono, madotolo akadapitiriza kupatsa mankhwala osagwira, ndipo maliro akadachuluka.

Koma tiganiza kuti mantha aakulu koposa onse ndiwo a kumva. Munthu aopa kuti dotolo atchula dzina la nthenda imene iye sakufuna kulimva, ndipo ayesa mumtima mwake kuti chimene sichinatchulidwe sichinafike. Masiku amene Edzi inali kutha anthu popanda mankhwala, kuganiza kotere kunali komveka, pakuti kumva kunali ngati kuuzidwa tsiku la maliro ako. Koma kuyambira 2004 boma linayamba kupereka ma ARV aulere, ndipo ambiri amene anayamba kumwa zaka zimenezo alipo, alima mbatata ndi nandolo, aona adzukulu. Panatsala manyazi, oti anzako akuone uli pa mzere wa tsiku lakutilakuti nadziwa chimene wadzera. Pa ichi a Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi Abwenzi Pa Za Umoyo, amene anayamba ntchito ku Neno mu 2007, anachita chanzeru. Mu 2015 anaphatikiza odwala nthenda zonse za mgonagona, kuti wa HIV, wa shuga, wa BP, wa mphumu ndi wa khunyu aonedwe pamodzi pa chipatala cha kufupi ndi kwawo. Wokhala pabenchi sadziwa chimene chabweretsa mnzake, ndipo agogo a BP akhala moyandikana ndi mdzukulu wa khunyu nacheza za mtengo wa feteleza.

Popeza tatchula BP, tinenepo chinthu chimodzi chimene chidabwitsa ambiri. Mantha okha akweza BP. Madotolo a maiko onse adziwa kuti alipo anthu amene kunyumba magazi awo ayenda bwino, koma akangoona chovala choyera mtima ugunda, ndipo makina aonetsa kupitirira 140 ndi 90. Chifukwa chake dotolo wodziwa ntchito saweruza pa kuyesa kamodzi, pokhapokha BP itakwera kwambiri. Akukhazikani pansi mupume, nayesanso, kapena akuuzani mubwerenso tsiku lina. Inu amene mwakwera mapiri kuchokera m'bandakucha, musachite manyazi kunena kuti, "Adotolo, ndatopa ndiponso ndili ndi mantha." Mawu amenewo amthandiza iye pa ntchito yake.

Sitibisa kuti mantha ena abadwira m'zipatala momwe. Ife tomwe tinakhalapo pa mzere kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, ndipo tinamvapo mayi wokalamba akudzudzulidwa ngati kamwana chifukwa anaiwala buku lake la kuchipatala. Mayiyo anatuluka ali chete, ndipo tikaika ngati anabwereranso. Antchito a m'zipatala ndi ochepa ndipo atopa, tidziwa; koma mawu amodzi aukali abweza mudzi wathunthu. Ndipo ife makolo tili ndi mlandu wathu. Mwana akalira timuopseza kuti, "Tonthola, ndikuitanira adotolo akubaye jakisoni!" Nanga mwana ameneyo akadzakula adzapita bwanji mokondwa kwa munthu amene tinamsandutsa chilombo? Pomtengera ku sikelo, ndi bwino kumuuza zoona, kuti singano ipweteka pang'ono ngati kuluma kwa linthumbu, kenaka basi, ndi kumfukata pamene abayidwa.

Mankhwala a mantha amene ife tawaona akugwira ntchito ndiwo kuperekezana. Dr. Paul Farmer, mmodzi wa amene anayambitsa Partners In Health mu 1987, bungwe limene kuno tilitcha Abwenzi Pa Za Umoyo, anaphunzitsa kufikira imfa yake mu 2022 kuti wodwala wosauka afuna munthu woyenda naye, osati mapiritsi okha. Pa chifukwa chimenecho m'midzi ya ku Neno munaikidwa antchito a zaumoyo osankhidwa pakati pa eni mudzi, oyendera makomo ndi kuperekeza odwala ku chipatala. Komatu nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Ndani mwa makolo athu analola mnzake kupita yekha ku mlandu? Wamantha asapite yekha. Atenge mlongo wake, mkazi wake kapena mnansi wolimba mtima, amene adzakumbukira zonena dotolo, pakuti wogwidwa ndi mantha amva theka lokha. Usiku wake akonzeretu buku la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene akumwa. Ngati anamwako a zitsamba anene poyera, chifukwa ena a iwo alimbana ndi a kuchipatala m'thupi. Mafunso awiri kapena atatu awakonzeretu, ndipo asatuluke m'chipinda asanamve dzina la nthenda, kamwedwe ka mankhwala ndi tsiku lobweranso.

Zilipo nthenda zimene zilola munthu kudikira kuti kuche, koma zina sizilola. Mwana wotentha thupi amene akomoka, akana kuyamwa kapena apuma mobanika. Mayi wapakati amene ataya magazi, kapena watupa nkhope namva mutu waukulu. Munthu amene mwadzidzidzi mbali imodzi yafooka ndi pakamwa papotoka. Wolumidwa ndi njoka kapena galu wokaikitsa: amenewa anyamulidwe nthawi yomweyo, usiku kapena usana, angakhale mwini akane. Ndipo amene watsokomola masabata awiri osaleka akapereke makhololo kuti awayese, pakuti chifuwa chachikulu chichira ndi mankhwala a miyezi 6, ndipo ku zipatala za boma aperekedwa kwaulere.