MUYESO WA MADZI: KUCHOKERA KU KASUNGU KUFIKIRA KU NYANJA

Chidule cha khutba ya Lachisanu

Tikumutamanda Allah (Subhanahu wa Ta'ala), Mwini mitambo ndi nyanja, ndipo mtendere ndi madalitso zikhale pa Mtumiki wathu Muhammad, akubanja lake ndi maswahaba ake.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, ife a m'mbali mwa nyanja timaona madzi tsiku ndi tsiku mpaka timaiwala kufunsa kumene achokera. Lero tikweze maso ku chidikha cha Kasungu, dziko la fodya kumene ena mwa abale athu adapita kukalima utenanti. Mitsinje ya Bua ndi Dwangwa, imene imathira m'nyanja m'boma la Nkhotakota, imasonkhanitsa madzi ake ambiri kumeneko. Zochitika kumtundako zimatsika mpaka pagombe pathu.

Surah Ar-Rahman imatiphunzitsa za mizani, muyeso umene Allah adaika m'chilengedwe, ndipo imatichenjeza kuti tisaupyole. Madzi a dera lililonse ali ndi muyeso wotere, ngati buku la wamalonda lokhala ndi zolowa ndi zotuluka. Ku Kasungu cholowa ndi mvula, imene imagwa kuyambira cha mu Novembala kapena Disembala kufikira Malichi kapena Epulo. Ikagwa, madzi ake amatsata njira zitatu. Ena amabwerera kumwamba ngati nthunzi kuchokera m'dothi ndi m'masamba. Ena amathamanga pamwamba pa nthaka kupita kumitsinje. Otsalawo amalowa pansi nkudzaza madambo, zitsime ndi mijigo. Gawo lachitatuli ndilo nkhokwe. Popeza m'chaka chathunthu mphamvu ya dzuwa youmitsa madzi imaposa mvula imene derali limalandira, mitsinje imadalira nkhokwe imeneyi m'chilimwe chonse.

Koma mvula sibwera mofanana chaka ndi chaka. Madzi a m'nyanja yaikulu ya Pacific akatentha mopitirira, chimene akatswiri amachitcha El Niño, kawirikawiri kum'mwera kwa Afrika kuno mvula imachepa. Tidaziona m'nyengo za 1991/92, 2015/16 ndi 2023/24. Mu Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Komatu kumapeto kwa Febuluwale wa chaka chomwecho mtsinje wa Dwangwa udasefukira nkuthawitsa anthu zikwizikwi m'nyumba zawo ku Nkhotakota. Ng'amba ndi chigumula zidabwera m'nyengo imodzi. Choncho kuwerenga kuchuluka kwa mvula kokha sikukwanira, tiyeneranso kuona kagwedwe kake. Mvula yamphamvu ya masiku awiri yotsatiridwa ndi dzuwa la masabata atatu imathamangira kumtsinje osadzaza nkhokwe, ndipo chimanga chimafota nthawi yomasula.

Nayo nyanja yathu ili ndi muyeso wake. Madzi amene imataya ngati nthunzi ndi ambiri kuposa amene amatuluka mu Shire. Pakati pa 1915 ndi 1935 idatsika kwambiri mpaka idaleka kuthira madzi mu Shire. Mu 1980 idakwera zedi, ndipo mu 2024 idakweranso nkulowa m'nyumba ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, pamene minda yambiri idali itauma. Izi zimatheka chifukwa nyanjayi imalandiranso madzi ochuluka kuchokera kumpoto ndi ku Tanzania. Kudzaza kwa nyanja kusatinamize kuti kumtunda kuli bwino.

Kusinthasintha kwa mvula ndi mayeso ochokera kwa Allah, koma kubowola nkhokwe ndi ntchito ya manja athu. Fodya woumitsa ndi moto amadya nkhuni zambiri, ndipo wa bale amafuna milimo yomangira zigafa. Kwa zaka zambiri mitengo ya mombo ndi msuku yakhala ikugwa ku Kasungu, ndipo makasu afika m'madambo mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje. Nthaka yopanda chofunda simwa madzi mokwanira. Pachifukwachi mtsinje umadzaza msanga ndi matope m'dzinja, nkuphwa msanga m'chilimwe.

Zolengedwa zina zimavutika tisanavutike ife. Dambo likauma nthawi isanakwane, msipu umatha, dimba limafa, ndipo nyama za m'nkhalango ya Kasungu zimaunjikana pa timadzi totsala. Mpasa, nsomba imene imakwera Bua m'nyengo ya mvula kukaikira mazira pa timiyala toyera, imasowa malo matope akakwirira timiyalato. Msodzi wa ku Nkhotakota amene sadapondeko ku Kasungu amalipira nawo mtengo wa nkhwangwa ya kumeneko.

Nanga tichite chiyani? Mvula ikakana timaswali Swalatul Istisqa, ndipo nkoyenera kutero. Koma tikumbukire Mtumiki Yusuf (Alayhi Salaam), amene adalangiza Aigupto kusunga zokolola za zaka 7 zabwino kuti apulumuke zaka 7 za chilala. Kuyedzamira kwa Allah kumayenda limodzi ndi kukonzekera. Nkhokwe yathu ya madzi ndi mtengo, dambo ndi udzu wa m'mbali mwa mtsinje.

Choncho mzikiti uliwonse ukhale ndi malo odzala mitengo, ndipo ana a madrasa aphunzire kuisamala mpaka ikule. Olima m'mbali mwa Bua, Dwangwa ndi mitsinje ina asiye bango ndi mitengo pagombe. Amene muli ndi abale ku minda ya fodya, alimbikitseni kudzala mitengo yawoyawo ya nkhuni ndi milimo. Potawaza tipewe israf, ngakhale nyanja ili pakhomo. Mtengo umene ukusunga madzi a anthu amene sitidzawaona ndi sadaka yopitirira.

Tikupempha Allah atipatse mvula yothandiza, yosaononga, atikhululukire pamene tapyola muyeso, ndipo atichite kukhala osunga bwino amana imene adatisungitsa. Ameen.