Alimi Olondera Mdima

Ku Canada, komwe boma linaloleza chamba pa 17 Okutobala 2018, kuli alimi omwe sayang'ana kumwamba kuti aone ngati mvula yakonza. Munda wawo uli m'nyumba zopanda mazenera, dzuwa lawo ndi mababu, ndipo kucha ndi kuda kumalamulidwa ndi kawotchi kokhomedwa pakhoma. M'tauni ya Smiths Falls, m'chigawo cha Ontario, kampani ya Tweed inalima chamba kwa zaka zingapo m'fakitale yomwe kale inkapanga chokoleti cha Hershey. Ulimi wotere ndi ntchito yolembedwa, ya malipiro, yokhala ndi chiphaso cha boma.

M'mawa antchito amavala maovololo, magolovesi ndi zophimba tsitsi ngati a kuchipatala, poopa kulowetsa nkhungu ndi tizilombo. Pali odula nthambi zobzala, osakaniza feteleza m'madzi othirira, oyendera masamba kufufuza akangaude ndi nsabwe, a zamagetsi, ndiponso ometa timasamba pa maluwa okololedwa, omwe amakhala pampando tsiku lonse sizasi ili m'manja mpaka zala kumata ndi utomoni. Pamwamba pa onsewa pali mkulu wa alimi, ndipo udindo wake waukulu ndi kusunga maola a kuwala.

Chinsinsi cha maolawa chinatulukira pa fodya. Mu 1920, akatswiri awiri a unduna wa zaulimi ku America, Wightman Garner ndi Harry Allard, anafotokoza chifukwa chake fodya wa Maryland Mammoth ankangotalika chilimwe chonse osachita maluwa: ankadikira kuti masana afupike. Ofufuza ena anadzapeza kuti chomwe mbewu zotere zimawerenga kwenikweni ndi kutalika kwa usiku. Chamba chambiri chili m'gulu lomweli. Ukachipatsa maola 18 a kuwala ndi 6 a mdima, chimangokula ndi kuchita nthambi. Ukachisinthira ku maola 12 a kuwala ndi 12 a mdima, chimayesa kuti nyengo yatha, n'kuyamba maluwa omwe amakhwima pakatha milungu 8 mpaka 10. N'chifukwa chake nyumba zolimiramo zimagawidwa pawiri: chipinda chokulitsira ndi chipinda cha maluwa.

Koma pali chamba china chosamvera wotchi, chomwe alimi amachitcha autoflower. Kholo lake ndi kachamba kakutchire, kakafupi, komwe katswiri wa zomera wa ku Russia, Dmitri Janischewsky, anakapatsa dzina lakuti Cannabis ruderalis mu 1924. Kumadera ozizira komwe kamamera, chilimwe n'chachifupi ndipo masana ake ndi ataliatali. Kakanati kazidikira usiku wautali, chisanu chikanakapeza kasanabereke. Choncho kamawerenga msinkhu wake: pakatha milungu 3 kapena 4 chimerereni, maluwa ayamba, kaya kukuwala kaya kwada. Obereketsa mbewu anakakwatitsa ndi mitundu ina, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mtundu wa Lowryder unatchukitsa mbewu zoterezi. Zambiri zimakololedwa pasanathe miyezi itatu chibzalireni.

Mutu umakula mlimi akafuna kulima mitundu iwiriyi pansi pa denga limodzi, makamaka alimi ang'onoang'ono omwe malo ndi owachepera. Anthu awiri agona nyumba imodzi, wina wofuna nyale iziyaka, wina wofuna mdima. Nanga wotchi imvere yani? Odziwa ntchito amayankha kuti imvere chamba chodikira usiku, popeza ndicho chosachedwa kukhumudwa. Autoflower amamuika m'chipinda chokulitsira, cha maola 18, momwe amamera, kuchita maluwa ndi kukololedwa, anzake aja adakali masamba okhaokha. Akamuika m'chipinda cha maola 12 amaberekabe, koma tsiku lililonse wamanidwa maola 6 a kuwala, ndipo sikelo ndiyo imadzaulula. Kulakwitsa kwenikweni ndi kusunga chamba chodikira usiku pa maola 18 n'kumayembekezera maluwa. Chidzafika kudenga chili chiwisi.

Ngakhale maola agwirizane, kukhalira limodzi kuli ndi zake. Mbewu yamaluwa imafuna mpweya wouma kuti isachite nkhungu, pomwe yaing'ono imakondwa ndi chinyezi. Chakudya chawo chimasiyananso, ndiye wothirira amasakaniza migolo iwiri. Zazifupi amazikweza pa mabenchi kuti zisabisike pansi pa zazitali. Komanso autoflower sakhululuka: ukamupweteka mizu pomuoka, alibe nthawi yochira, pomwe mnzake uja ungathe kumusunga pa maola 18 mpaka atapezanso mphamvu. Nthambi yake sibzalika mwaphindu, chifukwa imapitiriza msinkhu wa mayi wake. Ichi ndicho chimachititsa makampani akuluakulu kukonda chamba chodikira usiku: tsinde limodzi labwino limawapatsa nthambi mazanamazana zofanana.

M'chipinda cha maluwa, mdima ndi katundu wolonderedwa. Kuwala kolowera pansi pa chitseko usiku ndi usiku kungabwezere mbewu ku masamba, kapena kuichititsa kutulutsa maluwa aamuna omwe amadzaza zokolola ndi njere, mtengo n'kugwa. Antchito amamata tepi pa timababu tofiira ta makina, ndipo wolowamo pa maola a mdima amanyamula tochi yobiriwira, yosawala kwambiri. Woyang'anira amayendera mawotchi tsiku lililonse. Ambiri amayatsa mababu usiku n'kuzimitsa masana, pofuna kuchepetsa kutentha ndi kugula magetsi pa nthawi yotchipa. Masamu ake ndi osabisika: babu la mawati 1,000 limadya mayunitsi 18 pa tsiku m'chipinda chokulitsira, ndi 12 m'chipinda cha maluwa.

Kuno kwathu ku Malawi nkhaniyi si yachilendo kwenikweni. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhawo omwe ali ndi chiphaso cha bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Kusuta ndi kulima popanda chiphaso ukadali mlandu. Masana a ku Malawi amasewera pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse, ndiye mbewu yodikira usiku yochokera ku Ulaya kapena ku Canada ikabzalidwa panja kuno imathamangira maluwa isanakule, pokhapokha mlimi ataiwonjezera kuwala madzulo. Wachinyamata wofuna kulembedwa ntchito pa munda wachiphaso aphunzire za mbewu, aphunzirenso za magetsi ndi kulemba kaundula wa maola. Khasu lokha silimukwanira.