Mipikisano ya Kusambira: Phunziro Loyambira pa Mawu a Mwana

Ana ambiri a m'mbali mwa nyanja ya Amaramba ndi mtsinje wa Lugenda amadziwa kusambira asanadziwe kuwerenga. Koma akamva liwu la Chipwitikizi lakuti natação m'kalasi, amangoti duu, ngati nkhani ya kwa eni. Udindo wathu ndi kulumikiza zimene mwana amachita m'madzi a kwawo ndi masewera amene dziko lonse limapikisana, ndipo mlatho wake ndi chilankhulo cha makolo ake.

Choyamba, ife eni tiidziwe nkhaniyi. Mipikisano ikuluikulu imachitikira m'dziwe lomangidwa, lotalika mamita 50, logawidwa m'tinjira ndi zingwe zoyandama kuti wosambira aliyense akhale ndi kanjira kake. Wotchuka kuposa yonse ndi wa Olimpiki, umene umachitika pa zaka zinayi zilizonse. Kusambira kwakhala mbali ya masewerawa kuyambira mu 1896 ku Athens, kumene opikisana anasambira m'nyanja yamchere. Wachiwiri ndi mpikisano wa dziko lonse wokonzedwa ndi bungwe la World Aquatics, limene kale linkatchedwa FINA. Woyamba unachitikira ku Belgrade mu 1973. Dziko lathu nalo linalandira Masewera a Africa ku Maputo mu 2011, ndipo osambira anapikisana m'dziwe la ku Zimpeto. Ana amakondwa akamva za Kirsty Coventry wa ku Zimbabwe, amene anapata mendulo yagolide pa mamita 200 mu 2004 ndi mu 2008, ndipo mu 2025 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa komiti ya Olimpiki ya dziko lonse.

Chachiwiri ndi mawu. Pali mitundu inayi ya kasambiridwe, imene m'Chipwitikizi imatchedwa livre, costas, bruços ndi mariposa. Tisayambe ndi kulemba mayinawa pa bolodi. Tionetse ndi manja momwe thupi limayendera, kenaka tifunse ana kuti kwawo amakutcha bwanji. Costas, kasambiridwe kamene Coventry anapambana nako, ana adzakatcha okha kusambira chagada. Pa bruços miyendo imakankha madzi monga achitira chule, ndipo fanizoli mwana saliiwala. Pa mariposa manja onse awiri amatuluka m'madzi nthawi imodzi ngati mapiko a gulugufe, ndipo liwulo tanthauzo lake ndi lomwelo. Pa livre wosambira ali ndi ufulu wosankha, koma onse amasankha kusambira chafufumimba, akusinthanitsa manja, popeza ndiko kwaliwiro kopambana. Kalasi ikagwirizana pa liwu la Chinyanja, ndipamene tibweretse la Chipwitikizi pambali pake. Ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba m'kalasi mumakhalanso ana a Chiyao ndi Chimakuwa. Nawonso tiwapatse mpata wotchula mawu awo.

Chachitatu ndi masamu. Tiyeze mamita 50 pa bwalo la sukulu ndi chingwe, ana aone ndi maso kutalika kwa dziwe. Kenaka tifunse: wosambira mamita 200 adutsa dziwelo kangati? Nanga wa mamita 1500? Mayankho ake, kanayi ndi maulendo 30, ana awafotokoze m'Chinyanja. A m'makalasi apamwamba tiwauze za Michael Phelps, amene ku Beijing mu 2008 anatsiriza mamita 100 m'masekondi 50,58, pamene Milorad Čavić anatsiriza mu 50,59. Kusiyana kwake kunali gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi, ndipo pamenepo mwana amaona ntchito ya manambala olembedwa kutsogolo kwa mpumiro.

Potsiriza, tikumbuke kuti nkhani yokoma ingathe kukopa ana kukapikisana kumtsinje. Dziwe la mpikisano n'lamadzi oyera, odekha, ndipo lili ndi oyang'anira. Madzi athu ali ndi ng'ona, mvuu ndi likodzo, ndipo m'nyengo ya dzinja amathamanga mwaukali. Choncho phunziroli lichitikire pa mtunda, ndipo litsirizike ndi malamulo amene ana apanga okha: osasambira wekha, osadumphira pamene sukudziwa kuya kwake, ndipo mnzako akamamira, kuwa ndi kumponyera chingwe kapena nsungwi m'malo molumphiramo. Chenjezo lomveka m'chilankhulo cha kunyumba mwana amapita nalo kwawo, n'kukauzanso ang'ono ake.