Mutu 9: Ndalama ya Mjigo ya pa Intaneti

Dzinja likalowa, minda ya tiyi ya ku Thyolo sipuma. Kukamacha othyola amakhala atalowa kale m'mizere, dengu lili kumsana, manja onse awiri akubudula masamba awiri ndi kansonga kake. Dzuwa likakwera amakafola pasikelo, kalaliki n'kumalemba makilo a aliyense. Tsamba limodzi mukaliika pasikelopo muvi sugwedera n'komwe. Koma masamba omwewo ndiwo amadzaza ngolo za mathirakitala, kuyendetsa mafakitale a ku Satemwa, Makandi, Conforzi ndi Naming'omba, mpaka kukagulitsidwa pa okushoni ku Limbe.

Anthu a ku Satemwa, esiteti imene Maclean Kay anayambitsa mu 1923, komanso alimi ang'onoang'ono a bungwe la Msuwadzi, amadziwanso mtundu wina wa zochepa zochulukana. Tiyi akagulitsidwa mwa dongosolo la Fairtrade, wogula amaonjezera masenti 50 a dola ya ku America pa kilo iliyonse. Kilo imodzi imafulula makapu pafupifupi 400, ndiye kuti munthu womwa tiyi ku London amaponyapo kachidutswa chabe ka senti pa kapu yake, ndipo sakamva n'komwe m'thumba. Tizidutswa timeneti tikasonkhana chaka chonse, komiti ya ogwira ntchito imakhala pansi n'kukambirana zomangira mdadada wa sukulu, kukumba mjigo kapena kulipirira ana fizi.

Sungani chithunzi chimenechi, chifukwa nkhani ya m'mutu uno ndi yofanana nacho, kungoti munda wake uli mufoni mwanu.

Chojambula chimene aliyense angatenge

Pulogalamu iliyonse ya kompyuta ili ndi malangizo olembedwa amene akatswiri amati khodi. Makampani ambiri amabisa khodi yawo monga mmene mayi wogulitsa thobwa amabisira kaphikidwe kake. Koma pali mapulogalamu ena amene eni ake amaika khodi poyera kuti aliyense aiwerenge, aikopere, aikonze ndi kuigawa popanda kupempha chilolezo chapadera. Pa Chingerezi amawatcha open source. Ife tiziti mapulogalamu otseguka.

Amalawi sitifunika kupita kutali kuti timvetse zimenezi, chifukwa chitsanzo chili pamjigo wa m'mudzi. Pampu ya Afridev, imene ili pa mijigo yambiri m'dziko muno, inayambira kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndi dzina loti Maldev, kenako inakapitirizidwa ku Kenya. Chojambula chake si chuma cha kampani imodzi. Fakitale iliyonse yotsata muyezo wake ikhoza kupanga zipangizo, ndipo anaikonza dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuimasula okha ndi sipanala, n'kusintha marabala ndi mabushi akatha.

Mapulogalamu otseguka ali choncho, ndipo mumawagwiritsa ntchito tsiku lililonse. Foni ya Android imayenda pamwamba pa Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki. Njira imene WhatsApp imabisira mauthenga anu kuti ena asawawerenge inachokera kwa amene anapanga pulogalamu ya Signal, ndipo khodi ya njirayo ili poyera. Mnyamata woika nyimbo ndi mafilimu m'mamemore pamsika wa Bvumbwe kapena Luchenza, mukasuzumira pa kompyuta yake, kawirikawiri mupezapo kachizindikiro kooneka ngati chipewa chosongoka cha pamsewu: ameneyo ndi VLC, wa bungwe losachita malonda la VideoLAN la ku France. Malipoti a mwezi ndi mwezi ochokera m'zipatala za m'boma la Thyolo amalowa mu DHIS2, pulogalamu yotseguka imene imasamalidwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway. Ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likusunga mbiri ya odwala mu OpenMRS, imene inayamba mu 2004.

Palibe amene amakutumizirani bilu ya zonsezi. Komabe aliyense amene anakhalapo mu komiti ya mjigo amadziwa kuti madzi ndi aulere koma pampu si yaulere. N'chifukwa chake msungichuma amayenda ndi kope khomo ndi khomo kumapeto kwa mwezi. Mudzi umene umazemba kusonkha, tsiku lina umabwerera kukatunga kudambo.

Tsiku limene mjigo wa dziko lonse unathyoka

Mu Epulo 2014 kunadziwika chibowo mu OpenSSL, pulogalamu yotseguka imene inkateteza manambala achinsinsi pa mawebusaiti ambirimbiri padziko lapansi, kuphatikizapo a makampani olemera kwambiri. Chibowocho anachitcha Heartbleed. Anthu atafunsa kuti kodi amasamalira pulogalamuyi ndani, yankho linachititsa manyazi: kagulu kochepa ka anthu, ambiri a iwo ogwira ntchitoyi nthawi yawo yopuma, ndipo zopereka zimene ankalandira zinali pafupifupi madola 2,000 pachaka. Dziko lonse linkatunga, osonkha kunalibe.

Zofanana nazo zinaonekanso mu Disembala 2021 ndi pulogalamu yotseguka ya Log4j, komanso mu Malichi 2024 ndi ya xz. Pa nkhani ya xz, munthu mmodzi amene ankaisamala kwa zaka zambiri anatopa, ndipo wina amene anabwera ngati wodzathandiza anazembetsamo khomo lachinsinsi. Katswiri wina, Andres Freund, ndiye anatulukira msamphawo usanafalikire. Wogwira ntchito yaulere akalema, chitseko chimatsala chosakhoma.

Mbale za chopereka

Poona zimenezi, anthu akhala akuyesa kupanga mbale ya chopereka ya pa intaneti, yoti munthu wamba aziponyamo kangachepe mobwerezabwereza.

Vuto loyamba ndi mtengo wotumizira. Ku America, makampani olandira ndalama za pa khadi kawirikawiri amadula pafupifupi 3 pa 100 iliyonse, kuphatikizapo masenti 30 pa kulipira kulikonse. Mukatumiza dola imodzi, gawo limodzi mwa atatu latsala panjira. Mukatumiza masenti 20, ndalama yodulayo yaposa mphatso. Aliyense amene anatumizapo kandalama kochepa pa Airtel Money kapena Mpamba, mnzake n'kukatapa kwa ejenti, akudziwa mmene kamafupikira. Choncho luso lonse la mautumiki amenewa lagona pa kusonkhanitsa kaye, kenako kutumiza kamodzi, monga mmene masamba amadikirira kuti ngolo idzaze.

Flattr, imene inayamba ku Sweden mu 2010 ndipo mmodzi mwa oiyambitsa anali Peter Sunde, inkachita motere: mumaika ndalama yanu ya mwezi, kenako mukakonda nkhani, nyimbo kapena pulogalamu mumadina batani. Mwezi ukatha, ndalamayo inkagawidwa mofanana kwa onse amene munawadinira, kampani n'kutengapo 10 pa 100. Ganizo linali labwino, koma odina sanachuluke, ndipo Flattr inatsekedwa mu 2023. Gittip, imene Chad Whitacre anayambitsa mu 2012 ndipo pambuyo pake inatchedwa Gratipay, inatseka kumapeto kwa 2017.

Zina zilipobe. Liberapay ndi bungwe losachita malonda la ku France: mumalonjeza kandalama ka sabata iliyonse, n'kulipiriratu masabata angapo pakamodzi kuti zodula za banki zichepe, ndipo bungwelo silitengapo gawo. Patreon, imene woimba Jack Conte anayambitsa ndi mnzake mu 2013, imagwirizanitsa oimba, ojambula ndi olemba ndi anthu owalipira mwezi ndi mwezi, iyo n'kudulapo gawo lake. Open Collective imaika poyera ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, ngati msungichuma amene amawerenga kope pamaso pa mudzi wonse. GitHub Sponsors inayamba mu 2019 pamalo pomwe olemba mapulogalamu ambiri amasungira khodi yawo. Palinso Ko-fi ndi Buy Me a Coffee, zimene maina ake akungotanthauza kuti mugulireni wolemba kapu ya khofi. Zikanayambira ku Thyolo, bwenzi ili kapu ya tiyi.

Mbiri imeneyi ikuphunzitsa zinthu zitatu zimene komiti ya mjigo inazidziwa kalekale. Chopereka cha mwezi ndi mwezi chimaposa mphatso yaikulu yobwera kamodzi, chifukwa munthu amatha kukonzekera nacho. Anthu amapitiriza kusonkha akamaona kumene ndalama ikupita. Ndipo kangachepe kali ndi malire ake. Pambuyo pa Heartbleed, sanali masenti a anthu wamba amene analemba ntchito akatswiri a OpenSSL, koma thumba limene bungwe la Linux Foundation linakhazikitsa ndi ndalama za makampani monga Google, Microsoft, Amazon ndi Facebook. Ku tiyi n'chimodzimodzi: ndalama ya Fairtrade imabwera pa tiyi yekhayo wogulitsidwa mwa dongosolo limenelo, ndipo siilowa m'malo mwa malipiro abwino. Amene amatunga ndi thanki asamabisale kumbuyo kwa amene amatunga ndi ndowa.

Kufupa woimba

Mwambo wofupa waluso si wachilendo kwa ife. Wovina akatenthetsa bwalo timamuponyera ndalama. Paukwati pali perekaniperekani, ndipo amene amaponya K100 kangapo amavina mofanana ndi woponya K5,000.

Thyolo yemweyu anatipatsa Alan Namoko, woimba banjo wosaona, amene ankaimba ndi Chimvu River Jazz Band ndipo anamwalira mu 1995. Nyimbo zake zinkamveka pa wailesi ya MBC m'dziko lonse ndipo zina zinatulutsidwa kunja, koma luso lake silinamulemeretse. Omvera analipo ochuluka zedi. Chimene kunalibe ndi njira yoti womvera wa ku Karonga, nyimbo ikamukhudza, afikitse tambala m'manja mwa woimbayo. Bungwe la COSOMA, limene linayamba ntchito mu 1992, limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo monga mawailesi, koma nyimbo yoikidwa m'memore pamsika siimubweretsera kanthu mwini wake.

Lero njirayo ilipo. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013, ndipo nambala ya foni yasanduka mbale. Patience Namadingo wagwiritsa ntchito kutchuka kwake kusonkhanitsa thandizo la odwala ndi la oimba achikulire monga Giddes Chalamanda. Mu Januwale 2021, Covid-19 itavuta, wolemba Onjezani Kenani anapempha Amalawi kuti asonkhe zogulira zipangizo za m'zipatala, ndipo anthu a kuno ndi a kunja anayankha, ena ndi zochepa kwambiri. Chimene chinawalimbitsa mtima n'chakuti ankauzidwa kawirikawiri zimene zalowa ndi zimene zagulidwa.

Kuchokera ku Thyolo, tingatani?

Tisanamizane: kutumiza ndalama kunja kuchokera kuno n'kovuta. Ambiri mwa mautumiki akunja tatchula aja amafuna khadi la banki lolipirira m'madola kapena mayuro, pomwe anthu ambiri a m'maesiteti ali ndi foni yokha. Ndalama zakunja zikusowa, mabanki amachepetsa zimene khadi lingalipire, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Palibe amene angayembekezere wothyola tiyi kuti azilipira wolemba mapulogalamu wa ku Ulaya. Wolemba mapulogalamu wa ku Blantyre nayenso amavutika kulandira, chifukwa mautumiki ambiri amatumiza ndalama kudzera m'makampani amene safika m'maiko onse.

Komabe zotheka zilipo. Sukulu, chipatala cha mishoni, ofesi ya esiteti kapena kampani imene yapulumutsa ndalama ya malaisensi pogwiritsa ntchito mapulogalamu otseguka monga Linux kapena LibreOffice ikhoza kupatula kagawo pachaka n'kutumiza kamodzi. Gulu la anzanu likhoza kuchita ngati chipereganyu: aliyense aponye pa foni ya mmodzi amene ali ndi khadi. Kwa aluso a kuno, nambala ya foni ikukwanira, bola mutsimikize kuti ndi ya mwini wakedi, poti akamberembere amatsegula masamba a Facebook m'maina a anthu otchuka.

Ndipo pamjigo si onse amasonkha ndalama. Ena amabweretsa njerwa, ena amasesa. Mapu a OpenStreetMap amajambulidwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo mabungwe othandiza anawadalira pa madzi osefukira a mu 2015 ndi pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, amene anasakaza Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Blantyre. Munthu wa ku Thekerani amadziwa mlatho umene umakokoloka ndi dzina lenileni la mudzi kuposa wojambula mapu wa kutali. Wikipedia ya Chichewa ilipo ndipo nkhani zake n'zochepa. Mapulogalamu otseguka ambiri amalandira aliyense wofuna kumasulira mawu ake m'chilankhulo chake. Ngakhale kulembera eni pulogalamu kuti pakuti sipakuyenda ndi chopereka.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Msungichuma wa mjigo akafika pakhomo ndi kope lake, sitimufunsa kuti madzi aulere tilipiriranji. Timadziwa kuti tikugula rabala imene idzathe mu Okutobala, dzuwa litaumitsa zitsime zonse. Kusiyana kwake n'kwakuti wosamalira pulogalamu ya mufoni mwanu sadzagogoda pakhomo. Ambiri a iwo amangoika kabatani ka chopereka pansi pa tsamba lawo n'kubwerera kuntchito. Kope lake muyenera kulifunafuna nokha.