Opaleshoni Yothandiza Mayi Amene Mazira Ake Sakhwima

Banja likatha zaka popanda mphatso ya mwana, anthu amalankhula zambiri. Ena amati mayiyo analodzedwa. Ena amauza mwamuna kuti akwatire wina. Koma nthaŵi zina vuto limakhala matenda amene achipatala amaŵadziŵa bwino.

Mayi aliyense ali ndi matumba aŵiri a mazira, lina kumanja, lina kumanzere kwa chiberekero. Mwezi uliwonse dzira limodzi limakhwima ndi kutuluka. Likakumana ndi mbewu ya bambo, mimba imayamba.

Kwa amayi ena, mazira amayamba kukula koma sakhwima. Amangotsalira m'thumba muja, ang'onoang'ono, ambirimbiri. Matendaŵa amadziŵika ndi dzina loti PCOS. Mayi wotere amatha miyezi osasamba. Ena amanenepa, ena amatuluka ziphuphu, ena amamera ndevu. Si ufiti ayi. Ndi timadzi ta m'thupi, totchedwa mahomoni, timene tasokonekera.

Kodi dokotala amayamba ndi mpeni? Iyayi. Poyamba amapima onse aŵiri, pakuti vuto likhoza kukhalanso kwa bambo. Ngati mayi ndi wonenepa kwambiri, amamulangiza kuchepetsa thupi. Kenaka amampatsa mapiritsi othandiza dzira kukhwima, monga letrozole kapena clomiphene. Mapiritsi akalephera, m'pamene amaganiza za jakisoni kapena opaleshoni.

Opaleshoniyi inayamba kale. M'chaka cha 1935, madokotala aŵiri a ku Chicago, Stein ndi Leventhal, analemba za amayi amene anaŵadula kachigawo ka thumba la mazira, ndipo anayambanso kusamba. Koma njira imeneyo inkasiya zipsera m'mimba. M'chaka cha 1984, dokotala wina wa ku Norway anafotokoza njira yopepuka.

Njirayo ili motere. Mayi amagonetsedwa ndi mankhwala, ndipo samva kuŵaŵa. Dokotala amacheka pang'ono pamchombo, n'kuloŵetsa kachipangizo koonera m'kati. Kenaka amaboola timabowo toŵerengeka pathumba la mazira ndi singano yamagetsi. Zikatero mahomoni osokoneza aja amachepa, ndipo mazira amatha kuyamba kukhwima. Ambiri amatuluka m'chipatala tsiku lomwelo kapena maŵa lake.

Mvetsani bwino apa: chiberekero sachotsa, ndipo njira za mazira satseka. Uku si kutseketsa kubereka.

Komabe si onse amene amaima pambuyo pake. Ena amafunikabe mapiritsi. Zipsera zikhoza kubwera, ndipo mabowo akachuluka, thumba limaonongeka. N'chifukwa chake ntchitoyi ndi ya dokotala wa matenda a amayi, ku chipatala chachikulu.

Inu mayi, ngati msambo wanu umadumphadumpha ndipo chaka chatha osaima, musazengereze. Inu bambo, musamusiye mkazi wanu apite yekha. Pitani limodzi, mukafunse.

Mafunso okambirana:
1. Chimachitika n'chiyani ndi mazira a mayi wodwala matendaŵa?
2. N'chifukwa chiyani bambo nayenso ayenera kupimidwa?
3. Kodi opaleshoniyi imachotsa chiberekero?